Kuyala Fakitale mu Factorio: Kuwerengera Makina ndi Kumva Zimene Malamba Akunena

Pafupifupi aliyense amene wayamba kusewera Factorio, gemu ya pa kompyuta yomanga mafakitale, amafika pa nyengo imodzi yofanana. M'maola oyambirira zonse zimayenda bwino, chifukwa wakumba miyala ya chitsulo, wamanga ng'anjo zingapo, wayala malamba onyamula katundu, ndipo mabotolo oyamba a sayansi ayamba kulowa m'malabu. Kenako fakitale ikakulako imayamba kukanika m'njira yosamvetsetseka. Makina ena angoima osagwira ntchito, malamba ena adzaza mpaka sakusunthanso, ena akuyenda opanda kanthu, ndipo malo oti n'kuwonjezerapo china sakupezeka chifukwa mbali zonse zatsekedwa ndi zimene iye mwini anamanga dzulo. Ambiri akafika pamenepa amagwetsa zonse n'kuyambiranso, koma pakapita maola ena amapezeka kuti abwerera m'vuto lomwe lija. Chimene chimavuta nthawi zambiri ndi kaganizidwe, pakuti munthuyo akuonabe katundu ngati mulu umene wasungidwa m'bokosi, pomwe fakitale imayendera kuchuluka kwa zinthu zimene zikudutsa pamalo amodzi pa sekondi iliyonse.

Gemu imeneyi inapangidwa ndi kampani ya Wube Software ya mumzinda wa Prague ku Czech Republic. Ntchito yoipanga inayamba mu 2012, inafika pa Steam, sitolo ya pa intaneti yogulitsa masewera, isanamalizidwe mu Febuluwale 2016, inatuluka yathunthu pa 14 Ogasiti 2020, ndipo gawo lake lowonjezera lotchedwa Space Age linabwera pa 21 Okutobala 2024. Wosewera amapezeka ali yekha pa pulaneti lachilendo, ndipo ntchito yake ndi kumanga mafakitale mpaka atatha kutumiza roketi kuthambo. Kuti apeze luso latsopano ayenera kupereka mabotolo a sayansi ku malabu, ndipo botolo la mtundu uliwonse limafuna zipangizo zovuta kuposa lam'mbuyo mwake. Pali masewera ena a mtundu womwewu, monga Satisfactory ya kampani ya Coffee Stain Studios ya ku Sweden, imene inatuluka yathunthu pa 10 Seputembala 2024, ndipo ndiitchulako pamene ikuthandiza kumveketsa mfundo. Manambala ambiri amene ali m'munsimu ndi a Factorio.

Pali manambala atatu amene china chilichonse chimatsamirapo. Yoyamba ndi nthawi imene chinthu chimatenga kuti chipangidwe, yachiwiri ndi liwiro la makina amene akuchipanga, ndipo yachitatu ndi kuchuluka kwa zinthu zimene lamba angathe kunyamula. Chidutswa chimodzi cha chitsulo choyengedwa chimatenga masekondi 3.2 m'ng'anjo ya miyala, imene liwiro lake ndi 1. Lamba wachikasu, amene ndi woyambirira, amanyamula zinthu 15 pa sekondi, wofiira 30, ndipo wabuluu 45. Mukachulukitsa 15 ndi 3.2 mupeza 48, ndipo ichi ndi chifukwa chake osewera odziwa amamanga ng'anjo za miyala 48 pa lamba wachikasu mmodzi, 24 mbali iyi ndi 24 mbali inayo. Makina okumbira a magetsi amatulutsa theka la mwala pa sekondi, choncho pamafunika makina 30 kuti lamba yemweyo adzaze ndi miyala. Ng'anjo yachitsulo ili ndi liwiro lowirikiza kawiri, kotero 24 zokha zimakwanira lamba wachikasu, kapena 48 zomwe zija zimakwanira lamba wofiira, zimene zikutanthauza kuti mzere umene munamanga poyamba ungathe kutulutsa kawiri popanda kusuntha kanthu, pongosintha ng'anjo ndi lamba pamalo pomwepo. Munthu amene waika ng'anjo 70 za miyala pa lamba wachikasu sanawonjezere chitsulo n'komwe, chifukwa ng'anjo zakumapeto sizidzalandira mwala.

Kuwerengera koyenera kumayambira kumapeto kwa ntchito n'kumabwerera kumgodi. Tiyerekeze kuti mukufuna botolo limodzi lofiira ndi limodzi lobiriwira pa sekondi iliyonse. Botolo lofiira limafuna giya imodzi ndi chidutswa chimodzi cha mkuwa, ndipo limatenga masekondi 5, koma makina opangira zinthu oyambirira ali ndi liwiro la 0.5, choncho botolo limodzi limawatengera masekondi 10 ndipo mufunika makina 10. Giya imadya zidutswa ziwiri za chitsulo, ndipo makina amodzi a mtundu womwewo amapanga giya imodzi pa sekondi, yokwanira onse 10 aja. Botolo lobiriwira limatenga masekondi 6, choncho pamafunika makina 12, ndipo limapangidwa ndi chigawo chimodzi cha lamba pamodzi ndi kamkono konyamula zinthu kamene mu gemuyi kamatchedwa inserter. Mukaphwanya kamkonoka m'zipangizo zake mupeza seketi imodzi yobiriwira (kachipangizo ka magetsi), giya imodzi ndi chidutswa chimodzi cha chitsulo, zimene pamodzi zimakwana chitsulo 4 ndi mkuwa 1.5. Malamba amatuluka awiri kuchokera ku giya imodzi ndi chitsulo chimodzi, kotero aliyense amadya chitsulo 1.5. Botolo lobiriwira ndiye kuti limafuna chitsulo 5.5 ndi mkuwa 1.5. Mukaphatikiza ndi lofiira lija, mufunika chitsulo 7.5 ndi mkuwa 2.5 pa sekondi, ndipo chitsulo chimenecho ndi theka lenileni la lamba wachikasu, ntchito ya ng'anjo za miyala 24 ndi makina okumbira 15. Wosewera amene ali ndi ng'anjo 12 za chitsulo, zimene akuzigwiritsanso ntchito popangira zomangira ndi zipolopolo, sayenera kudabwa kuti sayansi yake ikuyenda pang'onopang'ono ngakhale atawirikiza makina opanga mabotolo.

Masamu ngati amenewa amaopsa anthu ena, ndipo amaganiza kuti gemu yonse ndi kukhala ndi kakyuleta m'manja. Sizili choncho, ndipo chifukwa chake ndi khalidwe limodzi la makina limene ine ndimaliona kuti ndi maziko a kayalidwe konse ka fakitale. Makina akapanga chinthu koma palibe kumene chikupita, amaima okha. Timikono timasiya kuwathira zipangizo akakhala nazo zokwanira maulendo ochepa, lamba wobweretsa zipangizozo amadzaza n'kuima, ng'anjo zimene zimadyetsa lambayo zimaima, ndipo pamapeto pake makina okumbira kumgodi nawonso amaima. Palibe chimene chimatayika kapena kuwonongeka pa kuima kumeneku. Kudzaza kumayambira kumapeto n'kumabwerera m'mbuyo mpaka kugwero, ndipo malo akangotseguka kutsogolo, mzere wonse umadzuka wokha. Choncho simufunika kupeza chiwerengero chenicheni nthawi zonse. Masamu akakupatsani ng'anjo 6.4, mangani 7 kapena 8, ndipo zotsalazo zidzapuma pamene sizikufunika. Lamulo lake ndi lakuti gawo lililonse lizitha kupereka zochulukirapo pang'ono kuposa zimene gawo lotsatira likufuna.

Osewera Satisfactory amaligwiritsa ntchito kwambiri khalidwe limeneli. Kumeneko ng'anjo imodzi imadya miyala 30 pa mphindi, ndipo malamba amanyamula 60, 120, 270, 480, 780 mpaka 1200 pa mphindi malinga ndi mtundu wake. Pofuna kugawira makina ambiri, ena amamanga zogawa (zipangizo zogawira katundu wa lamba mmodzi ku malamba angapo) zambiri zolumikizana kuti makina aliwonse alandire gawo lofanana kuyambira pachiyambi. Ena amangoyala lamba mmodzi m'mbali mwa makina onse, n'kuika chogawa pakhomo la makina aliwonse, njira imene amaitcha manifold. Poyamba makina oyambirira amatenga zochuluka kuposa zimene akufuna ndipo akumapeto amakhala ndi njala, koma oyambirirawo akadzaza, zotsala zimapitirira kwa otsatira, mpaka onse amagwira ntchito mokwanira ngati zolowa zikukwana. Njira yachiwiriyi imachedwa kukhazikika, koma ndi yosavuta kuimanga ndiponso kuiwonjezera, ndipo imatheka kokha chifukwa makina okhuta amasiya kulanda.

Mukamvetsa zimenezi, malamba amasanduka chinthu chowerenga. Lamba wodzaza amene waima si chizindikiro cha vuto kumbuyo kwake, koma akunena kuti zinthu zimenezi zilipo zokwanira ndipo chimene chikuchedwetsa chili kutsogolo. Lamba amene akuyenda ndi mipata yambiri akunena kuti odya achuluka kuposa opanga. Pofuna kupeza pamene ntchito yatsamwa, yambirani pa makina amene mukuwadandaula, muone chimene akusowa, ndipo mutsatire lamba wa chinthu chimenecho kubwerera m'mbuyo. Makina amene amachipanga akakhala kuti nawonso akusowa china, tsatirani chimenecho. Mudzafika pamalo pamene zolowa zonse zadzaza koma zotuluka n'zochepa, ndipo pamenepo ndi pamene pali chopinga chenicheni. Mwina makina ndi ochepa, mwina lamba wafika pamapeto a mphamvu zake, kapena kamkono ndi kamene kakuchedwa, pakuti inserter wamba amasuntha zinthu zosakwana chimodzi pa sekondi, pomwe makina opanga mawaya amafuna kutulutsa ziwiri kapena zitatu. Kuwonjezera makina pena paliponse kupatula pamenepo ndi kutaya zipangizo. Ndipo mukangochotsa chopingacho chimasamukira kwina, chifukwa fakitale iliyonse nthawi zonse imakhala ndi malo amodzi amene ndi ochedwa kuposa ena onse.

Apa ndi pomwe mabokosi osungira amasokoneza anthu. Zimaoneka zanzeru kuika mabokosi pakati pa mzere kuti katundu asungike, koma bokosi silipanga kanthu, limangobisa zoona kwa kanthawi. Likamadzaza limameza zipangizo zimene zikanapita kwina, ndipo likamatha limachititsa mzere wosakwanira kuoneka ngati uli bwino, mpaka tsiku limene latheratu inu muli kutali mukumanga zina. Malo amene bokosi lili ndi ntchito yeniyeni ndi pamene katundu amabwera mwa apo ndi apo, monga pa siteshoni ya sitima, komanso pamalo opangira zomangira zanu, pamene makina amapanga malamba, timikono, mapaipi ndi njanji zoti muzingotenga. Ngakhale pamenepo tsekani zipinda zambiri za bokosilo n'kusiya chimodzi kapena ziwiri, apo ayi makina opanga zinthu zodula adzadya chitsulo cha fakitale yonse podzaza bokosi ndi katundu amene simudzamugwiritsa ntchito.

Lamba aliyense mu Factorio ali ndi mbali ziwiri zoyenda paokha, ndipo pa wachikasu mbali iliyonse imanyamula 7.5 pa sekondi. Kamkono kamaika zinthu kumbali yakutali ndi iko, koma kamatola mbali zonse ziwiri, ndipo lamba amene walowa mwa mnzake kuchokera cham'mbali amathira katundu wake kumbali yapafupi yokha. Ndi malamulo awiriwa mungathe kunyamula zinthu ziwiri pa lamba mmodzi mosasakaniza, monga malasha mbali ina ndi miyala mbali inayo popita ku ng'anjo, kapena magiya ndi mkuwa popita kopanga mabotolo ofiira. Chinthu china chikadzaza, mbali yake imaima koma inayo imapitirira kuyenda. Zikasakanikirana pa mbali imodzi ndiye kuti kuima kuja, kumene kunali kothandiza, kumasanduka msampha, chifukwa chinthu chimene sichikudyedwa msanga chimadzaza lamba yense n'kutsekereza chimene chikufunika. Mwala umodzi wa mkuwa umene walowa pa lamba wa chitsulo, kuchokera pamalo pamene migodi iwiri yakhudzana, ungathe kudutsa m'ng'anjo n'kukaima kumapeto kwa mzere wa magiya, ndipo ikachulukana mzerewo umafa. Chogawa chokhala ndi sefa, chimene chimapatutsa chinthu chimodzi chokha, chiyenera kuikidwa pafupi ndi mgodiwo zinthu zisanafike patali.

Funso lotsatira, limene ambiri salifunsa msanga, ndi lakuti ndi zinthu ziti zoyenera kuyenda ulendo wautali. Seketi yobiriwira, imene imalowa pafupifupi m'chilichonse, imafuna chitsulo chimodzi ndi mawaya atatu a mkuwa, ndipo chidutswa chimodzi cha mkuwa chimatulutsa mawaya awiri. Kuti mudzaze lamba wachikasu ndi maseketi 15 pa sekondi mufunika lamba wathunthu wa chitsulo ndi lamba mmodzi ndi theka wa mkuwa, koma mkuwawo ukasanduka mawaya umakhala zinthu 45 pa sekondi, zodzaza malamba atatu. Waya amatenga malo owirikiza kawiri kuposa mkuwa umene anachokerako, choncho kumuyendetsa pa lamba ndi kudzichepetsera njira. Chimene osewera amachita ndi kuika makina a mawaya moyandikana ndi a maseketi kuti kamkono kazichotsa waya m'makina ena n'kumuponya mwachindunji mwa enawo. Makina oyambirira a mawaya amatulutsa awiri pa sekondi ndipo a maseketi amadya atatu, kotero makina atatu a mawaya amakwanira awiri a maseketi ndendende, ndipo chiwerengero chimenechi cha 3 kwa 2 sichisintha bola makina onse akhale a mtundu umodzi. Giya ili mosiyana, chifukwa zitsulo ziwiri zimasanduka chinthu chimodzi, ndipo chitsulo cholimba chimene amachitcha steel chimaposa apa, pakuti chimodzi chimadya zidutswa zisanu m'masekondi 16. Popeza ng'anjo imatenganso masekondi 16 kuyenga zidutswa zisanuzo, ng'anjo imodzi ya chitsulo wamba imakwanira imodzi ya steel, koma lamba wathunthu wa chitsulo amangobereka gawo limodzi mwa magawo asanu a lamba. Amene atenga chitsulo cha steel pa lamba yemwe amadyetsa fakitale yonse amaona zonse zikufooka nthawi imodzi osadziwa kumene chitsulo chapita.

Za kayalidwe ka malo, fakitale yoyamba ya munthu aliyense imakhala yolukanalukana, ndipo osewera amaitcha spaghetti. Ine sindiiona ngati cholakwa, chifukwa imamangidwa msanga, imadya malamba ochepa, ndipo imaphunzitsa munthu kudutsitsa zinthu m'malo opanikiza. Vuto lake ndi lakuti siikula. Njira imene ambiri amasamukirako imatchedwa main bus, ndipo ndi malamba ambiri oyenda mondondozana kulowera mbali imodzi, aliyense atanyamula chinthu chimodzi chofunika m'malo ambiri: chitsulo, mkuwa, maseketi obiriwira, steel, pulasitiki, malasha ndi miyala. Pamene pakufunika chinthu, mumaika chogawa n'kupatutsa nthambi yopita cham'mbali, kumene kuli mzere wa makina. Malambawa amaikidwa m'magulu a anayi, n'kusiya mpata wa mabwalo awiri (bwalo limodzi ndi malo okwana chigawo chimodzi cha lamba) pakati pa magulu, ndipo chifukwa chake si kukongola. Lamba wapansi panthaka wachikasu amatha kudumpha mabwalo anayi okha, choncho nthambi imalowa pansi pampata umodzi, n'kudutsa malamba anayi, n'kutulukira pampata wina. Ndi bwino kumanga makina mbali imodzi yokha ya malambawa kuti mbali inayo ikhale yowonjezerako malamba atsopano, ndipo mizere ya nthambi isatsekedwe kumapeto kwake kuti izitha kutalikitsidwa.

Ubwino wa njirayi ndi wakuti imaoneka ndi maso, pakuti mukayang'ana mumadziwa pompo chimene chachepa. Koma ili ndi malire amene okonda kuiyamikira samawatchula kawirikawiri. Nthambi iliyonse imachotsako katundu, motero malamba anayi a chitsulo amene anayamba odzaza amafika kumapeto ali ndi zochepa, ndipo kuwagawanagawana kuti aoneke ofanana sikuwonjezera chitsulo ngakhale chimodzi. Malamba anayi odyetsedwa ndi mzere umodzi wa ng'anjo 48 amanyamulabe 15 pa sekondi basi. Chothandiza ndi kugwiritsa ntchito zogawa zokondera mbali imodzi kuti katundu azikankhidwira ku lamba wakunja amene nthambi zikuchokerako, ndipo lamba wamkati akauma muthe kumudyetsanso kuchokera ku ng'anjo zina. Chachikulu kuposa apa ndi kuchotsa odya kwambiri pa malambawa. Seketi yofiira imafuna zobiriwira ziwiri, ndipo yabuluu imafuna zobiriwira 20 ndi zofiira ziwiri, kotero fakitale ikafika pa maseketi abuluu, mkuwa wochuluka kwambiri umathera ku maseketi obiriwira. Kuli bwino kuwapatsa migodi ndi ng'anjo zawozawo, n'kubweretsa maseketi opangidwa kale ku main bus, kusiyana ndi kukoka mkuwa wonsewo kudutsa pakati pa fakitale.

Magetsi nawo ndi mzere wa katundu, ndipo ali ndi ngozi yawoyawo. Boyila imodzi imadyetsa injini za nthunzi ziwiri, iliyonse yopereka 900 kW, mphamvu yokwanira makina okumbira 10. Magetsi akachepa mu Factorio makina sazima, amangoyamba kuyenda pang'onopang'ono onse pamodzi. Ngati makina okumba malasha ndi timikono tothira malasha m'maboyila tikudalira magetsi omwewo, malasha amachepa, magetsi amacheperachepera, mpaka fakitale yonse imazima ndipo singadzuke popanda munthu kukathira malasha ndi manja. Chotchinjiriza chake ndi chosavuta: chogawa choyamba pa lamba wa malasha chikondere kumaboyila, ndipo ng'anjo ndi zina zizilandira zotsala. Masola amapewa vutoli koma amafuna malo aakulu, chifukwa limodzi limapereka 60 kW masana, zimene zimakhala 42 kW mukawerengera usana ndi usiku, ndipo pa pulaneti loyambira pamafunika mabatire pafupifupi 21 pa masola 25 alionse.

Pamafuta ndi pamene osewera ambiri amagwa mphwayi, ndipo chifukwa chake ndi chakuti kwa nthawi yoyamba makina amodzi amatulutsa zinthu zingapo nthawi imodzi. Kuyenga kwapamwamba kumatenga mafuta osayenga 100 ndi madzi 50 n'kutulutsa mafuta olemera 25, opepuka 45 ndi gasi 55 m'masekondi 5. Gasiyo ndi amene amafunika kwambiri chifukwa amapanga pulasitiki ndi salifa, pomwe mafuta olemera amangofunika pang'ono popanga girisi. Koma chimodzi mwa zitatuzi chikadzaza, makina oyengera amaima kotheratu, ndipo pulasitiki amasowa pomwe mathanki a mafuta olemera ali odzaza. Kuwonjezera mathanki kumangochedwetsa tsiku la vutolo. Yankho lenileni ndi kusandutsa zotsala: mafuta olemera 40 amasanduka opepuka 30, ndipo opepuka 30 amasanduka gasi 20. Kuti zisasanduke zonse n'kusowetsa girisi, mumalumikiza thanki ndi pampu pogwiritsa ntchito waya wofiira kapena wobiriwira, n'kulamula kuti pampuyo izigwira ntchito pokhapokha mafuta a m'thankimo apitirira mlingo umene mwasankha. Pamakhala ngati makwerero otsika, pamene chilichonse chosefukira chimatsikira ku chotsatira mpaka kufika ku gasi, amene amadyedwa nthawi zonse. Mfundo yomweyi imabweranso paliponse pamene chinthu chimodzi chimabala zingapo. Mu Satisfactory muli makina otchedwa AWESOME Sink amene amameza katundu wotsala kuti mzere usaime, ndipo mu Space Age pulaneti la Fulgora limapereka zinyalala zimene zikaphwanyidwa zimatulutsa zinthu zambiri zosakanikirana, pomwe pa Gleba katundu wambiri amawola akakhalitsa, moti kumeneko lamba woima amakhaladi vuto ndipo mzere uliwonse umafunika potulukira zowola.

Migodi ya Factorio imatha, mosiyana ndi ya Satisfactory imene siuma, choncho tsiku limafika pamene miyala iyenera kuchokera kutali, ndipo apa ndi pamene sitima zimalowa. Bogi imodzi ili ndi zipinda 40. Miyala imalowa 50 m'chipinda chimodzi pomwe chitsulo choyengedwa chimalowa 100, kotero bogi imanyamula miyala 2000 kapena zitsulo 4000, ndipo amene amayengera kumgodi komweko amachepetsa maulendo a sitima ndi theka, ngakhale kuti mgodiwo ukatha ayenera kusamutsanso ng'anjo. Sitima iliyonse inyamule chinthu chimodzi, pa chifukwa chomwe chija choletsa kusakaniza pa lamba. Pa siteshoni pakhale mabokosi pakati pa bogi ndi lamba kuti sitima itsitse msanga n'kuchoka, lamba n'kumapitirira kudya za m'mabokosi mpaka ina itafika. Masiginolo amadula njanji m'zigawo, ndipo chigawo chilichonse chimalola sitima imodzi yokha. Pa mphambano, siginolo ya mtundu wa chain iikidwe polowera ndipo siginolo wamba iikidwe potulukira, kuti sitima isalowe pamphambano isanatsimikize kuti ili ndi kotulukira, komanso kuseri kwa siginolo yotulukirayo kukhale malo okwana sitima yonse yathunthu. Popanda zimenezi sitima zinayi zingathe kutsekerezana, iliyonse ikudikira inzake, ndipo fakitale imauma pang'onopang'ono popanda chenjezo. Kuyambira mu mtundu wa 1.1 wa Factorio, siteshoni iliyonse ingapatsidwe malire a sitima zimene zingaloledwe kupitako nthawi imodzi, ndipo zimenezi zimalola kupatsa masiteshoni ambiri dzina limodzi popanda sitima zonse kuthamangira ku imene ili pafupi. Malirewo asapose malo odikirira amene mwamanga pambali pa njanji yaikulu.

Njanji zikakhazikika, kayalidwe ka fakitale kamasintha maonekedwe. M'malo mwa mzere umodzi wautali, mumakhala ndi zigawo zoima pazokha, china cha maseketi obiriwira, china cha steel, china cha pulasitiki, chilichonse chili ndi siteshoni yolandirira ndi yotumizira. Chinthu chikachepa mumakopera pulani ya chigawo chake n'kuiika pamalo ena, ndipo maloboti omanga amaimika zonse ngati zomangira zilipo. Fakitale yakale yolukanalukana ija isagwetsedwe pa nthawi imeneyi, chifukwa ndi imene ikupanga njanji, malamba, makina ndi timikono zimene zigawo zatsopano zikufuna, ndipo sayansi yake, ngakhale ili yochepa, ikuyendabe pamene inu mukumanga. Yambani ndi chigawo cha chinthu chimene chikusowa kwambiri, chimene nthawi zambiri chimakhala chitsulo kapena maseketi obiriwira, ndipo katundu wake woyamba mumutumize ku fakitale yakaleyo kudzera pa siteshoni imodzi yomangidwa kumayambiriro kwa malamba ake. Malamba amene anali ndi mipata akadzaza mpaka kumapeto, yendani nawo mpaka mupeze makina amene zolowa zawo zonse zaima koma zotuluka zawo zikadali zochepa, ndipo chinthu chimene makinawo amapanga ndicho choyenera kulandira chigawo chachiwiri.